Galasi Lofiira Lomaliza la a Gancho

Petrana Gancheva sanali munthu womufotokozera nkhani mozungulira. Ukalowa m'shopu yake n'kuyamba zoti zenera la kukhitchini laswedwa ndi mpira wa adzukulu, ndiye adzukuluwo ndi ana a mwana wako wa ku Sofia, iye ankangoliza zala, thya, n'kukufunsa kuti masentimita angati. Ukati sunayeze, ankakulozera khomo. M'tauni yathu ino palibe amene sanabwezedwepo pakhomo limenelo, ngakhale wansembe amene, ndipo palibenso amene sanabwerereko, chifukwa kuyambira kuno mpaka ku Pazardzhik kunalibe wina wodula galasi ngati iye. Tinkamunena, zoona, koma tikakhala pakati pa anthu a matauni ena tinkamunyadira ngati m'bale wathu wa bere limodzi.

Ntchitoyo anaiphunzira kwa bambo ake, a Gancho, amene analibe mwana wamwamuna ndipo sanadandaulepo. Mkulu ameneyu anali ndi malamulo awiri okha. Loyamba linali lakuti chodulira chimadutsa pagalasi kamodzi basi. Mzere ukhote, uoneke mwa apo ndi apo, subwerezapo, chifukwa ukabwereza umanyenya m'mphepete mwa mzerewo, galasi limasweka kulowera kumene lafuna, ndipo nsonga ya chodulira imabuntha. Lachiwiri linali lakuti ukakanda mzere, thyola pomwepo. Iwo ankati mzere umazizira. Ukausiya kuti ukayambe wamwa khofi, pobwera upeza galasi lauma mtima ndipo silikumveranso. Ankaonjezeranso kuti mzere wabwino amaudziwa ndi khutu, osati ndi maso: umalira ngati nsalu yatsopano ikung'ambidwa, osadukiza, kuyambira m'mphepete umu mpaka m'mphepete umo.

Malamulo awiriwo Petrana anawatenga n'kuwaika m'moyo wake wonse. Zitheba ankazithyola mofulumira moti anzake pabenchi ankangosiya zawo n'kumamuonerera. Nkhuku akafuna kupha sankaithamangitsa, ankangoiima pafupi, kenako tsaka. Ngakhale banja analitenga motero. Boncho, mlimi wa njuchi, munthu wofatsa woti pofuna kunena kuti mvula ikubwera mvulayo imayamba yagwa, anabwera kushopu katatu sabata imodzi kudzagula tizidutswa ta galasi timene ndithu analibe nato ntchito. Ulendo wachitatuwo, akadali pakhomo n'kumapotokola chipewa, Petrana anamuuza kuti ngati wabwerera galasi anene muyeso, koma ngati wabwerera ukwati anenenso, chifukwa kumbuyo kwake kuli anthu akudikira. Boncho anati si galasi. Patatha masabata atatu tinavina paukwati wawo, ndipo kachasu wa mphesa amene a Gancho anatulutsa tsikulo okalamba amamukumbukirabe.

Koma kuti mumvetse za Petrana muyenera kudziwa za zenera la kuholo. Holo yathu yowerengeramo mabuku, momwenso mumachitikira magule ndi misonkhano, ili ndi zenera pamwamba pa chitseko chachikulu, looneka ngati dzuwa likutuluka. M'mbali muli tizidutswa tachikasu ndi tabuluu toyalidwa ngati cheza, ndipo pakati, m'munsi, pali theka la dzuwa la galasi lofiira. Analipanga ndi a Gancho, Petrana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mmawa dzuwa likawomba, pansi pa khonde la m'kati pamagwa chidontho chofiira chachikulu ngati lichero. Ana athu onse analumphiramo m'chidontho chimenecho. Akwatibwi amaimamo pojambulidwa. Petrana yekha sankachiponda. Akalowa muholomo ankachilambalala, ndipo chaka chilichonse mu Epulo ankakwera makwerero kukatsuka zeneralo popanda womutuma.

Mwana anali naye mmodzi, Tsveta, ndipo mwanayo anali amake enieni: maso omwewo, pakamwa pomwepo, manja omwewo. Pofika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankadula magalasi a mazenera tsiku lonse popanda kuswa ngakhale limodzi. Ndiye tsiku lina kunabwera amayi awiri, mayi wa mkwati ndi mayi wa mkwatibwi, atanyamula galasi lalikulu lodziyang'anira loti lichepetsedwe kuti likwane pakabati ya ana awo. Petrana, pofuna kuonetsa mwana wake kwa anthu, anatulutsa chodulira cha a Gancho, cha nsonga ya dayamondi, chimene anachisiya malemuwo, n'kuchipereka kwa Tsveta. Tsveta anakanda bwinobwino. Koma amayi awiri aja anali atamuunjirira, mpweya wawo uli m'khosi mwake, ndipo ataona kuti chapakati mzere sukuoneka, mtima unamuuza kuti apitenso. Anabwereza. Kunamveka kukhuluza konyansa, nsonga ya dayamondi ija inabenthuka, ndipo galasi linang'aluka mopingasa mpaka pakona.

Petrana sanapume n'komwe. "Manja amenewa ndi osendera mbatata," anatero pamaso pa alendowo. "Tuluka, ndipo usadzapondenso muno."

Tsveta anavula epuloni, n'kuipinda, n'kutuluka. Mwana wa munthu wina akanalira masiku awiri n'kubwerera. Koma uyu anali mwana wa Petrana, womva mawu kamodzi. Patatha miyezi iwiri anakwera basi ya ku Spain. Anayamba ndi kuthyola sitiroberi m'minda, kenako anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Valencia, n'kukwatiwa komweko. Chaka chilichonse mu Juni ankabwera kudzakhala masabata awiri. Ankabweretsera amake nsapato zofewa ndi mafuta a azitona, amake ankamuphikira banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, mpaka kumukola, ndipo awiriwo ankacheza za matimati, za mankhwala a BP, za amene wamwalira ndi amene wasiyidwa ukwati. Koma m'shopu Tsveta sankalowa. Mmawa uliwonse ankatenga khofi wake n'kukakhala pabenchi ya panja, pansi pa zenera la shopuyo, msana ali atatsamira khoma, mpaka amake atatseka masana. Zinatero zaka makumi awiri ndi zinayi.

Zinkamupweteka Petrana, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti wolakwa ndi iye. Chodulira chobenthuka chija anachikulunga m'kansalu n'kuchiika m'dilowa, n'kumagwiritsa ntchito cha kagudumu kachitsulo ngati anthu ena onse. Boncho anayesapo kangapo kumuuza kuti mawu amodzi okha akwana, koma asanamalize chiganizo mkazi wake anali atamufunsa kale ngati njuchi zake zilibe zoti azichitire.

Ukalamba unamuyambira m'zala zazikulu za m'manja. Ife tinazindikira iye asananene, chifukwa kuliza zala kuja kunasiya. Munthu ankatha kuima m'shopu n'kufotokoza mbiri yonse ya mpira ndi adzukulu, Petrana ali duu, akungomuyang'ana ndi maso olusa. Nyamakazi inali itatupitsa mfundo zonse ziwiri. Dzanja lamanja linayambanso kunjenjemera pang'ono, osati nthawi zonse, koma mosachenjeza. Magalasi wamba a mazenera ankadulabe, powaika m'mphepete mwa tebulo n'kuwakanikiza ndi chikhatho. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, dokotala anamuuza kuti apume. Iye anafunsa dokotalayo kuti zenera la m'chipinda chake choyezeramo odwala, limene linali ndi mng'alu pakona, akufuna alikonze liti.

Matalala anagwa Lachiwiri masana, Tsveta atangotha masiku atatu chifikire. Kunali dzuwa lowotcha, kenako mphepo yozizira inangoti kwapu, agalu n'kulowa pansi pa magalimoto, ndipo mphindi khumi zokha zinakwana. Matalala ake anali ngati mazira a nkhunda. Mphesa zinayoyoka, matimati anaphwanyika, ndipo mazenera onse oyang'ana kum'mawa mumsewu waukulu anatha phwaa. Anthu asanayambe n'komwe kubwera ndi miyeso yawo, Petrana anali atafika kale kuholo, akuponda madzi oundana ndi masilipasi. Tachikasu ndi tabuluu tija tinapulumuka, kupatula kamodzi kong'aluka. Koma dzuwa lofiira lija panalibe. Zidutswa zake zinali mbwee pamasitepe.

Lachinayi komiti ya holo inakumana. Wapampando wake, Nedyalko Karakolev, yemwe kale anali mphunzitsi wa masamu ndipo mpaka lero amalankhula ndi anthu ngati sanalembe homuweki, anali atapeza kale thandizo loti holo yonse aikemo mazenera atsopano a pulasitiki. Amisiri ake anali oti abwere Lolemba. Poyamba zenera la a Gancho linali loti lisiyidwe, koma tsopano, anatero Nedyalko, palibe chifukwa chosungira chinthu chobowoka pakati. Galasi lofiira la mtundu umenewo anasiya kupanga kalekale. Alichotse lonse, aikepo loyera lotsekeka bwino, muholo muzifunda.

Petrana anaimirira osapempha mwayi wolankhula. Anati galasi lofiiralo lilipo. Bambo ake anasiya chidutswa chimodzi, chokulungidwa m'nyuzipepala, kuseri kwa kabati ya zovala.

"Chimodzi?" anafunsa Nedyalko, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi ake a maso. "Ndiye adule ndani, mayi Gancheva? Manja anuwo supuni imene ikuwavuta."

"Supuni yako ndiyo ikuvuta, Nedyalko, mimba imeneyo siinabwere ndi mphepo," anatero Petrana, ndipo holo yonse inafa nacho chiseko. "Lolemba ubwere ndi anthu akowo. Ukapeza bowo, gwetsa."

Anagwirizana zimenezo, ndipo mlembi analemba. Zenera likakhala lathunthu Lolemba mmawa, likhala. Likakhala lobowoka, lichoka lonse.

Pakamwa panali patapambana, koma ntchito inali ikadalipo. Chidutswa chija atachivundukula anapeza kuti n'chongokwanira ndendende, chotsala m'mbali sichinkaposa zala ziwiri. Galasi lakale ndi lamwano: pena lokhuthala, pena lopyapyala, louma ngati fupa. Komanso kufiira kwake ndi kakhungu chabe ka mbali imodzi, choncho umayenera kulitembenuza n'kukanda kumbali yoyera. Ndipo mzere wake sunali wowongoka woti n'kutsamira pa lula. Unali uta umodzi wautali, woyenda ndi dzanja lokha motsatira chojambula cha pakatoni choikidwa pansi pa galasilo. Boncho anati bwanji apite nalo ku Plovdiv kwa akatswiri okonza mazenera a matchalitchi. Petrana anamukalipira, kenako Boncho atapita kuming'oma yake Petrana yemweyo anawaimbira foni mwakachetechete. Akatswiriwo anati ali ndi ntchito mpaka Seputembala.

Lachisanu ndi Loweruka anagwira ntchito ya anthu oswekeredwa mazenera ndi matalala mpaka masana, ndipo akatseka chitseko ankayeserera uta uja pa magalasi wamba. Mwa asanu, atatu anatuluka bwino. Awiri dzanja linanjenjemera, kagudumu kanadumpha, galasi linapita kwake. Zidutswazo anazibisa pansi pa makatoni m'bini kuti Boncho asaone. Mantha anamugwira, mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale tsiku lobereka. Sankaopa Nedyalko. Ankaopa kuti chinthu chokhacho chimene bambo ake anasiya poonekera chidzathera m'manja mwake, ndipo kuti aliyense wolowa muholo adzadziwa kuti anachitaya ndi Petrana.

Tsveta zonsezi ankazidziwa, poti tauni yonse sinkakamba nkhani ina, koma patebulo sanatchulepo. Ankangowadulira amake buledi asanapemphe.

Lamlungu mmawa, belu la tchalitchi litangolira ndipo msewu uli zii, Petrana anatsegula shopu. Anasesa tebulo, anayala bulangeti lakale lodulirapo galasi n'kulipukuta ndi chikhatho kuti pasakhale ngakhale kamchenga. Anaika katoni, n'kugoneka galasi lofiira chafufumimba. Analipukuta ndi mowa wa mphesa, n'kupaka palafini ndi nthenga motsatira uta wonse, monga ankachitira a Gancho. Boncho anaima pakona atagwira chipewa, atauzidwa kuti akangotsokomola atuluka. Zenera la shopu linali lotsekula chifukwa cha kutentha, ndipo kunja kunkamveka supuni ikuzungulira m'kapu. Tsveta anali pabenchi pake.

Petrana anagwira chodulira pakati pa zala, anaika kagudumu m'mphepete, anakoka mpweya, n'kuyamba. Mzere unalira bwino. Unakwera uta mosadukiza, ndipo mtima wake unayamba kukhala m'malo. Unadutsa pamwamba, n'kuyamba kutsetsereka mbali inayo. Pomwepo dzanja linachita zake. Linangoti njenje kamodzi, kulira kuja kunaduka kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, kenako kunapitirira mpaka kumapeto.

Anawerama n'kuyang'ana mopendeka. Zinalidi choncho. Panali kampata kotalika ngati chikhadabo pamene kagudumu sikanalume.

Munthu amene wadula galasi zaka makumi asanu amadziwa chochita pamenepo, ndipo Petrana ankadziwa. Koma mutu unali utaima. Ankangoona kampatako, kakang'ono, kopusa, koti kungokhudza pang'ono basi katsekeka. Ankaona bowo pamwamba pa chitseko cha holo ndi nkhope ya Nedyalko. Ndipo dzanja limene linakana kubwereza mzere moyo wake wonse linanyamuka lokha, n'kubwerera, n'kutsitsa kagudumu pamwamba pa kampata kaja.

Kunja kapu inagwa n'kusweka. Petrana asanatembenuke, dzanja lina linali litagwira kale mkono wake, mwamphamvu moti chodulira chinalendewera m'mwamba.

"Kamodzi, amayi," anatero Tsveta, akupuma mwawefuwefu. "Chodulira chimadutsa kamodzi."

Anayang'anizana. Boncho pakona paja chipewa chinamugwa koma sanayerekeze kuchitola. Mawu akuthwa anali atafika kale pa lilime la Petrana, poti kwa iye mawu otere sachedwa. Anawameza. Manyazi anamugwira, chifukwa anaona kuti cholakwa chimene anathamangitsira mwana wake zaka zonsezo iyenso chinali chitamupeza, ndipo chinamupeza mosavuta.

"Mzere ukuzizira," anatero Tsveta, mawu atatsika. "Gogodani pansi. Mukudziwa inu."

Petrana anatembenuza chodulira, nakokera galasi kumphepete kwa tebulo, Tsveta atalichirikiza ndi zikhatho. Ndi kamutu kachitsulo ka kumchira kwa chodulira anayamba kugogoda kunsi kwa mzere, pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto. Kamng'alu kowala kanabadwa n'kuyamba kuyenda m'mzeremo, kakutsogola pang'ono pa kugogoda kulikonse. Kanafika pa kampata kaja n'kuima. Petrana anasiya mbali imeneyo, n'kukayambira kumapeto enawo, n'kuyendetsa mng'alu wina kukwera uta wonse, kudutsa pamwamba, mpaka nawonso unaima, kutsidya kwa kampata. Pakati pa ming'alu iwiriyo panatsala chikhadabo chimodzi cha galasi losakandidwa. Apa kugogoda kunalibenso ntchito. Pankafunika zala zazikulu ziwiri, uku ndi uku kwa mzere, ndi kuthyola kumodzi kwachangu, kopanda kukayika, kuti mng'alu ulumphe wokha. Ukachita mwamantha umakhota.

Petrana anaika zala zake. Anayesa kufinya, ndipo ululu unathamanga mpaka m'chigongono. Zala zinangoterereka. Anaziyang'ana, zotupa, zokhota, ngati si zake. Kenako anasuntha n'kusiya malo patebulo.

"Thyola," anatero.

Tsveta anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anati papita zaka makumi awiri ndi zinayi asanagwire galasi, ndipo likasweka ili ndiye kuti iye wawononga zinthu ziwiri za agogo ake. Anati manja ake anazolowera kutembenuza okalamba pabedi.

"Likasweka ndaswa ndine, mzere ndi wanga," anatero Petrana. "Manja ali nawo ndiwe. Anali nawo kuyambira kale ndiwe. Thyola, mwanawe, usaganize."

Tsveta anapukuta zikhatho pa siketi. Anagwira galasi, zala zazikulu pamwamba, zinazo zitapindidwa kunsi, ndendende mmene ankagwirira a Gancho, ndipo sanawerenge n'komwe mpaka katatu. Kunamveka thyo, kamodzi, kowuma, koyera. M'dzanja lamanzere munatsala chidutswa chotaya. M'dzanja lamanja munali theka la dzuwa, ndipo pamene panali kampata paja panangotsala kadzino kakang'ono, koti n'kukadyetsa ndi pulayala mphindi imodzi.

Boncho anakhala pansi pa bokosi la misomali n'kuyamba kulira poyera, mamina ndi misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lawo mkazi wake sanamuuze kuti asiye. Petrana anatenga galasilo, naliyendetsa chala m'mphepete, naliika pa katoni. Linakwana ngati linabadwira pomwepo. Chimwemwe chimene anamva chinali chachikulu moti chinamukwiyitsa, ndipo anayamba kukalipa kuti ndani wasiya tsache pakati pa njira.

Akusesa tizidutswa, osayang'ana mwana wake, anafunsa chimene chinkamuvuta. Iye anali atafulatira zenera, ndipo kampata kaja ngakhale Boncho amene anali m'katimo sanakaone. Nanga Tsveta ali panja anadziwa bwanji?

"Ndinamva," anatero Tsveta. "Mzere unadukiza, kenako simunagogode, munangoti zii. Ndinadziwa kuti mukubwerera." Anatola chipewa cha bambo ake n'kuwapatsa. "Mumayesa pabenchi paja ndimakhalira khofi? Khofi ku Valencia aliko, amayi. Ndimabwera kudzamva mukudula."

Petrana anapitiriza kusesa malo amene anali atasesa kale.

Masana omwewo anakaliika. Pamakwerero anakwera ndi Tsveta, amake ali pansi akulamula ngati kuti mwanayo sanaonepo zenera chibadwire, ndipo anthu ochokera kutchalitchi anaunjikana mpaka kutseka msewu. Kachikasu kong'aluka kaja anakasinthanso. Lolemba mmawa Nedyalko anafika ndi amisiri ake ndi galimoto yodzaza mafelemu oyera, n'kupeza chidontho chofiira chili pansi pa khonde monga mwa masiku onse, ndipo ana awiri a mlembi akulumphamo. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Munthuyo ndi wamakani koma si wabodza. Anavula chipewa n'kunena kuti mayi Gancheva, manja anu akadali manja.

"Manja anga anatha, Nedyalko, unanena zoona," anatero Petrana mokweza, kuti amisiri achilendowo amvenso. "Ine ndangokanda, ndipo ndinakanda molakwitsa. Wathyola ndi mwana wanga uyu, Tsveta, mdzukulu wa a Gancho. Ulembe m'buku la komiti dzina limenelo."

Amene tinalipo tinayang'anana, chifukwa chibadwire tinali tisanamvepo Petrana akuvomera kulakwa, ndipo anavomera mutu uli m'mwamba ngati akulandira mendulo. Amisiri aja anasintha mazenera ena onse a holo, koma la pamwamba pa chitseko sanalikhudze.

Tsveta anali atatsala ndi masiku asanu kuti abwerere ku Spain, kumene kunali mwamuna wake ndi ntchito yake, ndipo palibe amene anamuuza kuti asapite. Lachiwiri mmawa anatuluka m'nyumba ndi khofi wake m'kapu yatsopano, n'kuzungulira kupita kushopu monga mwa chizolowezi. Atafika pansi pa zenera anaima. Benchi panalibe. Panangotsala mabowo anayi m'dothi ndi mizere iwiri yokhukhuluzika yolowera pakhomo, yosonyeza kuti amene anaikoka anaikoka yekha, movutika, ndi manja osagwira bwino.

Anasuzumira m'kati. Benchi inali pafupi ndi tebulo lodulira, ndipo pamwamba pake panali epuloni yopindidwa. Amake anali atafulatira, akuyeza galasi la munthu wina.

"Anthu a matalala akadali khumi ndi anayi," anatero Petrana osatembenuka. "Waimiranji pamenepo? Lowa."